Analowa ndi mapointi ofanana koma akutuluka ndi madigiri osiyana, lekichara angachitepo chani?

Watsopano

Moni nonse m'gulu muno. Funso langa likupita makamaka kwa inu amene mwaphunzitsa ku yunivesite kwa nthawi yaitali. Ine ulekichara ndangouyamba kumene, nde ku dipatimenti kwathu atipatsa zotsatira za zaka zingapo zapitazi koma ulendo uno azigawa m'magulu, ana ochokera m'mabanja osauka paokha, amene kwawo ndi oyamba kuponda ku yunivesite paokha, atsikana ndi anyamata, aulumali, komanso aja anabwera ali akuluakulu atagwirapo kale ntchito. Zomwe zikuoneka n'zoti magulu ena digiri akuipeza inde koma ya pansi, distinkishoni ndi kirediti zikungopita mbali imodzi chaka ndi chaka. Chondizunguza mutu n'choti ambiri mwa otsalirawa analowa ndi mapointi ofanana ndi anzawo aja.

Pano akuluakulu akuti tonse tiziphunzitsa mosasiya wina m'mbuyo. Mawu ake ndi okoma koma palibe wandiuza kuti Lolemba m'mawa ndikalowa m'kalasi ndikachite chani chosiyana ndi zomwe ndikuchita kale. Komanso mantha anga ndi oti mapeto ake tizingogawa malikisi aulere kapena kufewetsa mayeso kuti manambala aoneke bwino pa lipoti basi. Ineyo ndimaphunzitsa aliyense mofanana, notsi zomwezo, mayeso omwewo, sindiyang'ana nkhope ya munthu. Nde vuto langa lili pati pamenepa? Amene munayesapo zinthu zoti zinagwiradi ntchito ndithandizeni chonde, osati zongolankhula pa wekishopu zija ayi.

Mkulu wa Masamu

Takulandirani pa ntchitoyi aphunzitsi. Choyamba dziwani kuti zimenezi si za pa sukulu panu pokha. Ku UK ndi kumene aiwerengera bwino nkhaniyi chifukwa amasunga manambala a wophunzira aliyense. Lipoti la Universities UK ndi bungwe la ophunzira la NUS lomwe linatuluka mu 2019 linaonetsa kuti pa opeza digiri ya pamwamba, First kapena 2:1, azungu ankaposa ophunzira akuda, amwenye ndi a mitundu ina yocheperako ndi mapointi 13 pa 100 aliwonse, ndipo mukatenga akuda okhaokha mpatawo unkapitirira 20. Chomwe chinawasowetsa tulo ndi chomwecho mwaona inucho, kuti ngakhale ufanizire ana oti analowa ndi magiredi ofanana a A-level, mayeso olowera ku yunivesite kumeneko, mpata umachepa koma sutha. Ndiye kuti mbali ina ya mpatawo ikupangikira mkati mwa yunivesite momwemo, m'manja mwathu ife ophunzitsa. Bungwe loyang'anira mayunivesite ku England, la Office for Students, linafika mpaka poika malire oti pofika 2030-31 mpata wa akuda ndi azungu ukhale utatha.

Tsopano za Lolemba m'mawa zija. Nkhani yomwe ine ndimaikonda ndi ya Uri Treisman ku yunivesite ya Berkeley ku America, m'zaka za m'ma 1970. Bamboyu ankaphunzitsa masamu a calculus ndipo anaona kuti ophunzira akuda akulephera kwambiri pomwe a chi China akukhoza. Atafunsa anzake ophunzitsa, mayankho anali omwe timaperekawa mpaka lero, akuti anawo alibe chidwi, anachokera ku sekondale zofooka, makolo sawalimbikitsa, umphawi. Iye m'malo mongovomera anatenga ophunzira 20 mbali iyi ndi 20 mbali inayo n'kuyamba kuwatsata kuti aone m'mene amawerengera. Anapeza kuti akuda aja si aulesi ata pang'ono, ankawerenga molimbika koma aliyense payekha, chitseko chotseka, akasokonekera pa samu palibe womuuza, amangozindikira tsiku la mayeso. A chi China ankawerenga paokha kenako madzulo n'kukumana, kufanizira mayankho, kukanganirana, kuuzana kuti lekichara uyu amakonda mafunso otani. Mwa njira imeneyi ankaphunzira masamu komanso ankaphunzira m'mene yunivesite imayendera.

Nde taonani zomwe anachita. Sanatsegule kalasi ya ofooka. Anayambitsa magulu okumana kangapo pa sabata n'kuwapatsa masamu ovuta kuposa a m'kalasi, ndipo anawauza kuti iyi ndi pulogalamu ya anthu ochita bwino. Zotsatira za ana aja zinakwera kwambiri ndipo mayunivesite ambiri ku America anatengera njirayi. Ine mfundo yanga ili pamenepo, mulingo sanautsitse, anaukweza, chomwe anasintha ndi m'mene ana akugwirira ntchito.

Pali manambala enanso. Scott Freeman ndi anzake mu 2014 anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa makosi a sayansi, uinjiniya ndi masamu, n'kupeza kuti m'makalasi omwe lekichara amangolankhula yekha olephera amakhala pafupifupi 34 pa 100, pomwe m'makalasi omwe ophunzira amagwira ntchito m'kalasi momo, kuyankha mafunso, kukambirana awiriawiri, kusova limodzi, olephera amatsika kufika pa 22. Mu 2020 Elli Theobald ndi gulu lake anayang'ana za mpata weniweniwo ndipo anapeza kuti kaphunzitsidwe kotere kamachepetsa mpata wa malikisi a mayeso ndi 33 peresenti, ndipo mpata wa chiwerengero cha okhoza kosi ndi 45 peresenti. Koma chenjezo lake linali loti zimatheka pokhapokha ngati ukuchitadi mokwanira, osati kufunsa kafunso kamodzi kumapeto ati "tamvana eti?" ana n'kuyankha "eeeh" onse pamodzi ngati kwaya.

Nde kuphunzitsa aliyense mofanana kuja n'kwabwino, koma kalasi yongolankhula imakomera amene ali ndi pothawira akatuluka panja. Wopanda pothawira amatsala ndi notsi zokha.

Kanyimbi

Akuluakulu mwalemba bwino koma ine pang'ono ndikanako. Nthawi zonse ikabwera nkhani ngati iyi katundu amamutula lekichara, pomwe mwana akulephera chifukwa wagona ndi njala, fizi sanamalize nde amuletsa kulembetsa makosi mpaka semesita yafika pakati, akukhala kutali ndi sukulu, usiku akugwira ganyu, laputopu alibe akulemba asayimenti pa foni yosweka sikilini. Munthu ameneyo mumuike m'gulu la anthu asanu kuti azikambirana, zisintha chani? Mwinanso mukumuonjezera mavuto chifukwa anzake akumana 7 koloko madzulo iye ali ku ntchito kenako amulemba kuti sanatengepo mbali.

Ndipo chitsanzo chomwe anthu amatchula kwambiri kuti anatseka mpata, Georgia State University ku Atlanta, sikuti anangosintha kaphunzitsidwe. Iwo aja kuyambira 2012 anaika kompyuta yoti izitsata wophunzira aliyense ndi zizindikiro zoposa 800, mwana akalembetsa kosi yolakwika kapena akagwa pa mayeso oyamba, mlangizi amamuitana m'masiku ochepa. Analemba ntchito alangizi ambiri atsopano. Komanso anali ndi kathumba kotchedwa Panther Retention Grant kolipirira ana amene atsala pang'ono kuchotsedwa chifukwa cha kangongole kochepa, pafupifupi madola 900 pa munthu. Zotsatira zake akuda, a chi Latino ndi osauka anayamba kumaliza digiri pa mlingo wofanana ndi ena onse. Koma zonsezo ndi ndalama ndi chisankho cha oyendetsa sukulu, si za lekichara amene ali ndi kalasi yodzaza mpaka ena akhala pa mawindo.

Sindikuti musayese aphunzitsi. Ndikungoti akuluakulu anuwo akamati phunzitsani mosasiya wina, muwafunsenso kuti iwowo mbali yawo achita chani. Apo ayi chaka chamawa manambala akapanda kusintha chala aloza inu.

Woyamba_kwathu

Ine si lekichara, ndinamaliza digiri posachedwapa ndipo ndili m'gulu lomwe mukulinenalo, kwathu konse palibe anafikako ku yunivesite ndisanapite ine. A Kanyimbi zomwe mukunena za ndalama n'zoona sindingatsutse, koma pali zina zoti sizifuna ndalama olo pang'ono ndipo zinandipweteka kwambiri kuposa njala.

Asayimenti imabwera mzere umodzi, mutu wake, masamba angapo, tsiku lopereka, basi. Ine ndinkalemba m'mene tinkalembera ku sekondale, kutenga zonse zomwe ndawerenga n'kuzikonza bwinobwino, chizungu chosamala, kenako pepala limabwera ndi malikisi ongodutsa pang'ono ndi mawu awiri ofiira m'mbali oti sindinazame. Kuzama kwake kotani? Palibe wokuuza. Pomwe mnzanga wina malikisi ake anali apamwamba nthawi zonse ndipo sikuti ankandiposa nzeru, mchemwali wake anadutsa kosi yomweyo nde anali ndi foda yonse, mapasiti pepa, maasayimenti akale okhala ndi ndemanga za lekichara yemweyo, amadziwa kuti bambo awa amafuna utsutse zomwe buku likunena osati kungobwereza. Ine kutsutsa buku ndinkaona ngati mwano. Tsiku lomwe anandionetsa pepala limodzi lokhoza bwino ndinangoti aaa, zomwe amafuna ndi zimenezi basi? Kuyambira pamenepo malikisi anga anasintha, koma zaka zoyamba zinali zitakoka kale avareji yanga pansi.

Mudzati bwanji osafunsa, safunsa anadya phula. Eya, koma kufunsa kumafuna udziwe kuti pali choti ufunse. Komanso chitseko cha lekichara chimaopsa inu, ine ndinkafika pakhomo n'kumva akuseka ndi ana ena mkatimo ngati anzawo, n'kubwerera osagogoda.

Nde aphunzitsi ngati mukufuna chochita Lolemba, chitani ichi. Pa asayimenti iliyonse lembani zinthu zitatu, chifukwa chomwe mukuiperekera, zomwe munthu achite mwatsatanetsatane, ndi m'mene muchongere. Njirayi ili ndi mwini wake, mayi wina Mary-Ann Winkelmes ku America, ndipo pa kafukufuku wawo malekichara anangosintha maasayimenti awiri okha pa semesita, ophunzira onse anapindula koma opindula kwambiri anali oyamba kwawo ndi osauka. Kenako bweretsani m'kalasi mapepala akale awiri mutafufuta mayina, lina labwino lina lapakati, ana achonge okha ndi ndondomeko yanu ija, muone m'mene maso atsegukire. Mapasiti pepa aikeni poyera aliyense apeze. Ndipo chonde musamati "pangani magulu nokha", chifukwa odziwana kale amatolana pa mphindi imodzi, otsala timakhala ife tomwe tonse sitikudziwa kanthu. Sankhani inu magulu, ndipo ntchito ya gulu ina izichitikira m'kalasi momwemo kuti wa ganyu uja a Kanyimbi amunena asatsalire.

Wa_NVDA

Ndiikepo za ife osaona. Ine ndimawerenga ndi pulogalamu yolankhula pa kompyuta, ndipo chomwe chimandigwetsa kawirikawiri si kuvuta kwa phunziro. Ndi lekichara amene wajambula buku ndi foni n'kutumiza ngati PDF, kwa inu zikuoneka ngati malemba koma kwa pulogalamu yanga ndi chithunzi, imangokhala chete. Kapena ali pa bolodi akuti "ichi mukachiphatikiza ndi ichi mupeza ichi apa", ine ndakhala kutsogolo kwenikweni koma ichi chake chiti? Kungotchula zomwe mukulemba mokweza basi kwathandiza ine, kwathandizanso amene wakhala kumbuyo kwenikweni sakuona bolodi.

Tumizani masilaidi kalasi isanayambe, m'fayilo yoti malemba ake munthu angathe kuwakopera. Ena amakana ati ana sabwera ku kalasi akapeza notsi, koma amene chizungu cha lekichara chimamuthamangira, wosamva bwino, wodwala, onsewa amatsatira bwino akawerengeratu. Ndi maganizo omwe ali mu Universal Design for Learning ya bungwe la CAST, kuti kosi uikonze poyambirira uli ndi anthu osiyanasiyana m'mutu, m'malo modikira munthu abwere ndi kalata ya ku ofesi ya aulumali kudzapempha chifundo sabata iliyonse. Kupempha kumatopetsa abale. Ena amangosiya n'kulandira pasi yawo mwakachetechete, ndipo pa lipoti lanulo amaoneka ngati ofooka.

Watsopano

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera mayankho otere. A Woyamba_kwathu za maasayimenti zija ndiyamba nazo semesita ino chifukwa zili m'manja mwanga, masilaidinso chimodzimodzi. Koma ndifunsebe a Mkulu wa Masamu ziwiri. Anzanga ena ku dipatimenti akuti vuto ndi tsankho pochonga nde tingobisa mayina pa mapepala nkhani yatha, kodi zimenezo n'zokwanira? Chachiwiri kalasi yanga ya chaka choyamba ndi yaikulu zedi, mipando yokhomerera pansi, zokambirana m'magulu zija ndizichita bwanji osasanduka phokoso lokhalokha? Komanso silabasi ndi yaitali, ndikayamba kupereka nthawi yoti azisova m'kalasi sindimaliza.

Mkulu wa Masamu

Kubisa mayina chitani, n'kwabwino, kumateteza inu komanso ana amakhulupirira malikisi awo. Koma musayembekezere kuti mpata utha. Kafukufuku wina wa mu 2017 pa yunivesite ina ku UK anayang'ana malikisi a zaka 12, asanayambe kubisa mayina ndi atayamba, ndipo mpata unangosuntha pang'ono kwambiri. N'zomveka, chifukwa pofika nthawi yochonga zinthu zinaonongekera kale m'mbuyo, monga m'mene mwana wathu Woyamba_kwathu wafotokozera. Chomwe chinaonetsa zambiri ndi nthawi ya Covid. Mayunivesite ambiri ku UK anasiya mayeso a maola atatu m'holo n'kuyamba mayeso olembera kunyumba mabuku ali potsegula, anaikanso malamulo oti malikisi a munthu asatsike chifukwa cha mliri, ndipo mpata wa akuda ndi azungu unachepa. Zinthu zitayamba kubwerera mwakale unakulanso. Anthu amakangana kuti chinachititsa n'chiyani kwenikweni, ena amati malikisi anangokwera kwa aliyense, koma ine chomwe ndinatolapo n'choti mtundu wa mayeso uli ndi mbali yake. Kosi yoti malikisi onse agona pa pepala limodzi la kumapeto imalanga amene wachedwa kuzindikira masewero ake. Ikani timayeso ting'onoting'ono kuyambira sabata zoyambirira, ta malikisi ochepa, kuti mwana adziwe msanga pomwe waima, inunso mudziwe woti mumuitane. Ndipo muitaneni inuyo ndi dzina, musadikire agogode.

Za kalasi yaikulu, simufunika magulu a anthu asanu. Njira ya Eric Mazur wa ku Harvard inapangidwira makalasi akuluakulu omwewo. Mumaphunzitsa kwa mphindi zochepa, mumaika funso limodzi lofuna kuganiza lokhala ndi mayankho A B C D, aliyense asankhe payekha, akweze pepala kapena zala pa chifuwa kuti asaonere mnzake, kenako mumati tembenukira kwa woyandikana nawe amene wasankha zosiyana umutsimikizire, mphindi ziwiri, n'kuvotanso. Phokoso likhalapo koma ndi la phunziro. Ubwino wake aliyense wayankha, osati anyamata atatu a kutsogolo aja amene amakweza mkono musanamalize funso.

Silabasi simumaliza m'kamwa, zoona. Zina azikawerenga asanabwere ndipo kafunso ka pa intaneti kapena ka pa pepala polowa kazitsimikiza kuti awerenga. Ine ndimaona kuti kumaliza silabasi pomwe theka la kalasi linatsala pa mutu wachitatu ndi kudzinamiza, koma pamenepo ena m'gulu muno atsutsa.

Chomaliza, manambala a dipatimenti yonse sakuthandizani kwambiri. Pemphani a kosi yanu yokha, muwagawe, malikisi a maasayimenti mbali, a mayeso mbali, ngati n'kotheka funso ndi funso. Nthawi zambiri mpata sukhala paliponse, umakhala pa kosi imodzi kapena ziwiri za chaka choyamba zomwe zimasefa anthu. Ku Kingston University ku London anapanga njira yowerengera kuti potengera magiredi olowera ndi phunziro lake, ana angati amayenera kupeza digiri ya pamwamba, n'kufanizira ndi omwe apezadi, pulogalamu ndi pulogalamu. Zikatero lekichara sangathawirenso ku mawu oti anabwera ali ofooka kale. Koma samalani, gulu likakhala la anthu ochepa manambala a chaka chimodzi amanama, onani zaka zingapo. Ndipo musakalowe m'kalasi n'kunena kuti inu a gulu lakuti mukutsalira nde ndikuthandizani, mwana akamva choncho wayamba kale kudzikayikira. Zosinthazo zikhale za kalasi yonse.

Kanyimbi

Chabwino ndagonja pa za maasayimenti ndi mapasiti pepa, zimenezo n'zaulere ndipo palibe chifukwa chokanira. Koma timayeso ta sabata ndi sabata ta kalasi yaikulu achonga ndani? Aphunzitsi inu ndinu atsopano, pokukwezani pa ntchito adzawerenga mapepala a kafukufuku omwe mwasindikiza, sadzafunsa kuti ana angati munawachotsa pa pasi kuwafikitsa pa kirediti. Nde poyamba tengani kosi imodzi yokha, timayesoto tikhale toti kompyuta ichonge yokha kapena ana asinthane mapepala, ndipo pemphani hedi wa dipatimenti akupatseni wothandizira ngakhale mmodzi wa masitazi, mulembe imelo osati kungolankhula pa khonde. Akakana imeloyo muisunge, idzagwira ntchito pa mitingi ya zotsatira chaka chamawa.